A Gwaza ndi Njinga Yam'bokosi

Mwambi uwu unayamba motere, anyamata inu a kabaza. Zimitsani kaye mainjiniwo, mvulayi sikata msanga, ndipo palibe wokwera amene abwere kuno akunyowa. Senderani m'khonde muno. Mwambi wake mumaudziwa nonse, koma sutchulidwa nkhani isanapse.

Kumapiri a ku Ntcheu, m'mudzi wa Kanyimbi, kunali bambo wina dzina lake Petulo Gwaza. Anali mlimi wa mbatata ya kachewere, ndipo pa khasu panalibe wowaposa. Sanali munthu wankhanza, mowa sankaulawa, kumpingo anali mkulu. Chilema chawo chinali chimodzi chokha: ankadana ndi kuoneka osadziwa. Akasokera njira ankalolera kuzungulira phiri lonse kusiyana n'kuima pakhomo pa munthu n'kunena kuti, "Zikomo, kodi njira ya kuchigayo ndi iti?"

Chaka chimenecho mbatata inabereka, ndipo pamsika inayenda bwino. Mwana wawo wamkazi, Tiyanjane, anali atapezanso banja, chinkhoswe chili pafupi. Akuchimuna anali anthu odzimva, a ngolo ziwiri ndi chigayo. Choncho a Gwaza anatsimikiza mumtima kuti tsiku la chinkhoswelo akafika kuholo ya pamsika ali pa njinga yamoto yatsopano, akazi awo Nasibeko ali kumbuyo, kuti akuchimunawo adziwe kuti mwanayo sakumutola panjira.

"Ndalama zimenezi tikanagula malata, abambo," anatero Nasibeko. "Denga ili likutidonthera."

"Malata sapita kuchinkhoswe," anayankha a Gwaza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Asananyamuke ulendo wokagula njingayo m'tauni, anakalawira alamu awo, a Zakeyu, mchimwene wa Nasibeko. A Zakeyu ankakonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mkuyu, koma chifukwa anagwirapo ntchito ya ulonda m'tauni kwa kanthawi, m'mudzimo ankatengedwa ngati katswiri wa zonse za m'tauni.

"Alamu, mverani ine," anatero a Zakeyu akupukuta manja. "Anthu a m'masitolo aja amanunkhiza munthu wakumudzi ngati galu anunkhizira nyama. Chimene chimakuululani si nsapato, si jekete. Ndi funso. Mukangoti 'kodi', mtengo wakwera."

"Ndiye kuti akanena zachilendo ndizingokhala chete."

"Ayi, muzikana. Mtengo wa chinthu ndi umodzi. Chilichonse chimene awonjezere pamwamba pake ndi kuba. Inu muzingoti, 'Chotsani.' Akalimbalimba, dzukani muziyenda ngati mukupita. Amakuitanani musanafike pakhomo."

A Gwaza anasunga mawuwo ngati mbewu. Anakwera lole ya mbatata yopita ku Limbe, ndalama atazimangirira m'chiuno mkati mwa malaya.

M'sitolomo njinga zinali ndandanda, zakuda, zabuluu, zofiira, zonse zonyezimira ngati zadzola mafuta. Maso a a Gwaza anagwera pa yofiira imene inaima pafupi ndi zenera. Pachiwongolero pake panali kapepala ka mtengo. Anawerenga chamumtima, n'kuona kuti ndalama zawo zikukwana, kutsalanso kena kogulira petulo. Mtima unakhala m'malo.

Wogulitsa anali mayi wina wa magalasi, dzina lake Mayi Kalinde, munthu wofatsa ndi wolankhula mwaulemu.

"Takulandirani, bambo. Tikuthandizeni?"

"Iyi," anatero a Gwaza akuloza ndi chibwano. "Nditenga iyi."

"Mwasankha bwino. Munayamba mwakhalapo ndi njinga yamoto?"

"Zambirimbiri."

Zoona zake n'zakuti anakwerapo kamodzi kokha njinga ya mlangizi wa zaulimi, n'kuzungulira bwalo la sukulu, mwini wake akuthamanga pambuyo atagwira chonyamulira katundu.

Anakhala pansi, n'kuyamba kunenerera. Apa ndiye panali pawo, pakuti munthu wogulitsa mbatata kwa mavenda amadziwa kulimbana pa mtengo. Anati utoto wake ndi wofiira mopitirira. Anati chishalo chake n'cholimba. Anati kusitolo ina aona yotchipa, ngakhale sanalowe sitolo ina iliyonse. Mayi Kalinde anamwetulira, n'kuwachotserako pang'ono monga abwana awo ankalolera. A Gwaza anaphulula ndevu zawo zapamlomo, zimene ankazinyadira kwambiri, n'kudziuza kuti tauni si yovuta.

Kenaka mayiwo anakokera pafupi kamakina kowerengera.

"Tsopano, bambo, pali zina zimene zimapita pamwamba pa mtengowu. Ndikufotokozereni chimodzichimodzi kuti mumvetse."

A Gwaza anakumbukira mawu a alamu awo. Paja a Zakeyu ananena!

"Msonkho wa boma musadandaule nawo, uli kale mkati mwa mtengowu."

"Utulutsenimo."

Mayi Kalinde anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Sutuluka, bambo. Ndi lamulo."

"Ngati unalowa, ukhoza kutuluka. Chotsani."

"Sindingathe."

A Gwaza anadzuka, n'kukonza jekete, n'kuyamba kuyenda kulowera kukhomo. Ankayenda pang'onopang'ono kuti mayiwo apeze mpata wowaitana. Anafika pakati pa sitolo, zii. Anafika pakhomo, zii. Anatuluka mpaka pakhonde, n'kuima pamenepo makutu ali tcheru. Ataba diso kuyang'ana m'mbuyo, anaona Mayi Kalinde akumwa tiyi. Apa mutu unayamba kuwazungulira, pakuti alamu awo sanawauze chochita ngati sakukuitana. Anayang'ana kumwamba kwa kanthawi, kenaka n'kubwerera kukakhala pampando pomwe paja.

"Ndimaona ngati kukubwera mvula," anatero. "Pitirizani."

"Pali ndalama ya nambala ndi mapepala a kuboma. Timakutengerani ife kuti musavutike."

"Njinga yanga ndiziidziwa ndi maso. Mbuzi zanga zilibe nambala, koma palibe inasokonekerapo ndi ya mnzanga. Chotsani."

"Mukhoza kukatenga nokha, koma musayende pamsewu musanatero. Ndiye pali inshuwalansi, kuchitira kuti mukachita ngozi..."

"Mayi!" A Gwaza anamenya tebulo. "Ndisanakwere n'komwe, mwayamba kale kundilosera ngozi? Chotsani, ndipo mawuwo mubweze."

Mayi Kalinde anapepesa, n'kuchotsa. Anatulutsa chisoti cholimba chotetezera mutu, n'kuchiika patebulo. A Gwaza anavula chipewa chawo cha ulusi, chimene Nasibeko anawalukira, n'kuchiika pambali pa chisoticho.

"Mutu ndi umodzi, mayi. Zipewa ziwiri n'zachiyani?"

Atangotero anadziluma lilime, poona kuti mawuwo amveka ngati funso. Mwamsanga anawonjezera kuti, "Sindikufunsa. Ndikunena. Chotsani."

"Chabwino. Nanga sevisi yoyamba? Mukalipiriratu pano imakhala yotsika."

Liwu limeneli a Gwaza ankalidziwa. Ankalimva kwa achinyamata a kwaya, amene Lamulungu lililonse ankati sevisi yoyamba yatha, yachiwiri ikuyamba. Anadabwa kuti anthu a m'tauni afika pogulitsa ndi mapemphero omwe, koma kudabwako anakubisa.

"Ine ndine mkulu wa mpingo," anatero modekha. "Ndikaipempherera ndekha kwathu, kwaulere."

Mayi Kalinde anaseka poganiza kuti bamboyu ndi wanthabwala. Ataona kuti nkhope ya a Gwaza siikugwedezeka, kuseka kunawathera pakamwa. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Chatsala chimodzi, bambo, ndipo ichi ndikupemphani musachikane. Ndi ndalama ya kumanga."

Kumanga? Kumanga yani? A Gwaza anayang'ana pakhomo ngati pali wapolisi, koma panali mlonda yekha akusinza. Anaganiza za nyumba: kapena njinga imafuna kuimangira khola? Funso linakwera mpaka pakhosi, koma analibweza. Kenaka kuwala kunawafikira. Kumanga pa lole! Anthuwa akufuna ndalama chifukwa chongomangirira njinga pagalimoto.

Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa mpukutu wa mphira zodula kutchubu.

"Ndabwera ndi zanga."

"Ayi, bambo, si zimenezo. Amakaniko athu ndi amene..."

"Mayi, ine ndinayamba kumanga matumba a mbatata inu musanabadwe. Palibe thumba linagwapo panjira."

"Ndikumva, koma pali mawilo, chiwongolero, makamaka mabuleki..."

"Mabuleki ndi a njinga. Mukagula nkhuku, miyendo simulipira padera."

"Zoonadi, koma ndimatanthauza kuti..."

"Chotsani."

Mayi Kalinde anapumira m'mwamba. Makasitomala ovuta anali atawaonapo, koma wotere anali woyamba. Mwina bamboyu analidi makaniko wakale, pajatu anati njinga wakhala nazo zambirimbiri. Anafuna kutsimikiza.

"Ndiye mukuti mukuitenga yosamanga?"

"Yosamanga."

"Mukamanga nokha?"

"Ndi manja awa."

"Palibe chimene mukufuna kufunsa, bambo? Chilichonse?"

"Palibe."

Onse awiri anagwedeza mitu kuvomerezana, aliyense akuvomereza zake. A Gwaza anamasula ndalama m'chiuno muja n'kulipira. Kenaka anapita pa njinga yofiira ija, n'kugwira chiwongolero kuti ayambe kuikankha.

"Imeneyo ndi yachionetsero, bambo. Yanu ikubwera."

Chitseko chakumbuyo chinatseguka, ndipo amuna awiri anatulukira akukoka chibokosi cha matabwa, chachitali ngati bedi. Anachisiya pamapazi pa a Gwaza. Iwo anawerama n'kusuzumira pampata wa matabwawo. Anaona thanki yofiira, inde. Koma wilo lakutsogolo linali litagona pambali palokha, chiwongolero atachimangirira kumimba, ndipo pakona panali thumba la pulasitiki lodzaza mabawuti ndi tizitsulo.

Anayang'ana bokosi, anayang'ana njinga ya pazenera, anayang'ananso bokosi. Kodi awapatsa yakufa? Kodi imadzuka yokha ikamva petulo? Kodi kumanga kuja ndi kumeneku? Mafunso anali kulimbirana khomo ngati nkhuku m'mawa, koma a Gwaza anatseka milomo mwamphamvu.

"Eya," anatero. "Ndi imeneyi."

"Bambo," anatero Mayi Kalinde motsitsa mawu, "amakaniko athu akhoza kuimanga lero lomwe. Ndikuchotseraniko theka la ndalama ija, ndipo chisoti ndikupatsani chaulere."

A Gwaza akanavomera pamenepo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma atamva kuti theka lachoka, ndiponso kuti chisoti chasanduka chaulere, anaona msampha. Munthu sangagwetse mtengo chotero ngati sankafuna kukubera poyamba.

"Mwaonatu," anatero akuseka. "Mwayamba kugonja. Anyamata, kwezani pa lole."

Ulendo wonse wobwerera anakhala pamwamba pa bokosilo, pakati pa matumba opanda kanthu. Sankadziwa ngati apambana kapena aberedwa. Akakumbukira zonse zimene anachotsetsa, chifuwa chinkatukumuka. Akasuzumira pampata paja n'kuona wilo logona, chifuwacho chinkaphwa. Mayi wina wokwera nawo anawapatsa moni wa pamaliro poganiza kuti anyamula chitanda, ndipo iwo anangoyankha kuti zikomo.

Kumudzi anthu anasonkhana, pakuti mbiri inali itafika kale kuti a Gwaza abwera pa njinga yofiira. Ataona bokosi likutsitsidwa, onse anangoti kukamwa yasa.

"Nanga njinga ija ili kuti, abambo?" anafunsa Nasibeko.

"Ili m'katimu. Yatsopano yeniyeni imabwera chonchi. Zoimika zija anthu amakhala atazigwiragwira kale."

A Zakeyu anali asanaonepo njinga ya m'bokosi chibadwire, koma maso a anthu onse anali pa iwo. Anazungulira bokosilo, n'kuligogoda ndi chala.

"Ndi momwemo," anatero. "Alamu mwachita bwino. Kumanga kwake musade nkhawa. Njinga ndi njinga. Yamoto ndi yakapalasa zimangosiyana phokoso."

Anakokera bokosilo kuseri kwa nyumba, n'kuyamba ntchito. Munali kabuku ka zithunzi, koma mawu ake anali a zilankhulo zachilendo, ndipo a Zakeyu anati mabuku otere amalembera anthu osadziwa. Tsiku loyamba chiwongolero anachiika chotembenuza, moti munthu akanakwera akanayenera kukhala ndi manja kumsana. Tsiku lachiwiri anakonza chiwongolero, koma magalasi ankaonetsa mitambo. Pang'ono ndi pang'ono chinthucho chinayamba kufanana ndi njinga, mpaka madzulo ena chinaima chokha pamiyendo yake, chofiira, chonyezimira, chofanana ndi chapazenera chija.

Koma pamphasa panatsala zinthu: waya wokutidwa ndi mphira yakuda, kachitsulo kataliko kokhala ndi sipuling'i kumapeto, ndi timabawuti tingapo.

Nasibeko anabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kuima akuyang'ana pamphasapo.

"Achimwene, nanga izi?"

A Zakeyu anakanda kumutu. "Sipeya."

"Wamva?" anatero a Gwaza. "Anandiikiramo zapadera chifukwa cha kunenerera kwanga."

"Bwanji osawaimbira foni mayi a kusitolo aja? Kungofunsa chabe."

"Kuti azikaseka ndi anzawo kuti mlimi uja zamukanika? Iwe, za njinga zisiye."

Nasibeko anazisiyadi. Anangotola kachitsulo kaja, poona kuti kakungotayika, n'kukasandutsa chosonkhezera moto kukhitchini.

Atathira petulo wogula m'mabotolo pamsika, a Zakeyu anaponda kangapo, injini n'kulira. Amayi analulutira, ana anathawa, agalu anauwa. A Gwaza anavula chipewa n'kuchititsa sevisi yoyamba ija, pemphero lalitali ndithu. Kenaka anakwera n'kuyamba kuzungulira pabwalo pang'onopang'ono. Atafuna kuima, anafinya chogwirira cha kudzanja lamanja. Chinangoti lobodo, osagwira kanthu. Anaponda cha kuphazi, nacho chinangotsika ngati waponda phala. Anatsitsa mapazi pansi n'kumakwekwereza nsapato, mpaka njinga inakaima yokha itatsamira nkhokwe.

A Gwaza anatsika. Chinachake sichinali bwino, ndipo anachimva m'manja mwawo. Anayang'ana alamu awo, alamu awo n'kuyang'ana kumbali.

"Zatsopano zimakhala zofewa chonchi," anatero a Gwaza, mawu ali pakati pa kunena ndi kupempha.

"Zimakhwima zikamayenda," anavomera a Zakeyu.

Tsiku la chinkhoswe linafika. A Gwaza anavala suti yawo ya ku Mgonero, ndevu atazipesa bwino. Nasibeko anatuluka atavala chitenje chatsopano, n'kuima pafupi ndi njinga. Anayang'ana mizere imene nsapato za amuna awo zinakumba pabwalo, anayang'ananso njira yotsikira kumsika, imene inali yotsetsereka kuyambira pakhomo mpaka pamlatho.

"Abambo, ine nditsogola wapansi ndi amayi anzanga, tanyamula mbale. Mukandipeze kumunsi, mukandikweze polowa kuholo. Akuchimuna adzationabe."

A Gwaza anang'ung'udza, koma analola. Anadikira kuti amayiwo apite patali, kenaka anakwera, a Zakeyu n'kuwakankha.

Poyamba zinali zokoma. Mphepo inkawomba kumaso, anthu m'minda ankaimika makasu n'kumawabayibitsa. Koma mtsetse utayamba, njinga inayamba kudzilamulira. Anafinya cha kudzanja: lobodo. Anaponda cha kuphazi: phala. Anatsitsa mapazi, nsapato imodzi n'kutsala pamwala. Pofuna kugwiritsitsa, anapotokola chogwirira cha moto, ndipo njinga inabangula n'kuwonjezera liwiro.

Pafupi ndi mlatho anapeza amayi aja. Nasibeko anatula dengu n'kukweza dzanja.

"Abambo, imani ndikwere!"

Chimene anaona ndi fumbi, ndi chipewa cha ulusi chikugudubuzika m'njira.

Atawoloka mlatho, mnyamata wina wa kabaza ngati inu nomwe anaona kuti kayendetsedwe kameneka si kabwino. Anathamangitsa njinga yake mpaka kufika pambali pawo.

"Madala! Zili bwino?"

Apatu ndi pamene panali mwayi womaliza. Mnyamatayo akanawauza kuti asiye moto, atsitse giya, azimitse ndi kiyi. Panangofunika mawu atatu okha: kodi imaima bwanji? A Gwaza anatembenuza mutu, maso ali psuu, misozi ikuuluka ndi mphepo. Anaona kuti wowafunsayo ndi mwana wamng'ono kwa Tiyanjane.

"Zili bwino!" anakuwa.

Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo.

Tsono masiku amenewo anthu okonza misewu anali akuika phula pamsewu wodutsa pamsika. M'mawa umenewo anali atangothira chigawo cha kutsogolo kwa holo, n'kutchinga ndi migolo, ndipo mayi wina anaima pakati ndi mbendera yofiira. Ataona njinga ikubwera, anakupiza mbenderayo. Anakupizanso ndi manja awiri. Kenaka anaitaya n'kudumphira m'ngalande.

Njinga inadutsa pakati pa migolo iwiri bwinobwino, n'kukalasa mulu wa miyala ya kwale. Pamenepo inaima. Koma a Gwaza sanaime. Anauluka pamwamba pa chiwongolero, manja ali tambasu, pakamwa pali pululu chifukwa anali akukuwa dzina la amayi awo, n'kukagwa chafufumimba pakati penipeni pa phula lija.

Mwayi wake linali litayamba kuzizira, linali lofunda chabe ngati phala la mwana. Koma kumata kwake kunali kusanathe.

Kunja kwa holo kunali kutaima akuchimuna onse, atavala bwino, akudikira bambo a mtsikana. Anawaonadi akufika.

Okonza msewu anathamanga n'kuwagwira m'mapewa. Atakoka, suti inamatuka ndi phokoso ngati akung'amba chikopa. Nkhope inavuta kwambiri, chifukwa ndevu zija zinali zitagwirana ndi msewu. Atawaimiritsa, anthu sanadziwe kuti kumaso ndi kuti. Maso okha ndi amene ankaphethira. M'kamwa munali mutadzaza phula losakanikirana ndi timiyala, ndipo milomo inali itamatana.

"Bambo, mbendera simunaione?" anafunsa kapitawo wa ntchitoyo.

"Mmmm," anatero a Gwaza.

"Mwavulala pati?"

"Mmmm."

Wapolisi wa pamsewu amene anali pamsikapo anafika naye. Anazungulira njinga kufuna nambala, osaipeza. Anafunsa mapepala, anafunsa inshuwalansi, anafunsa chisoti. Pa chilichonse a Gwaza ankangoti mmmm, koma mumtima ankamva mawu awo omwe akuyankha kuti chotsani, chotsani, chotsani.

Nasibeko anafika akupuma wefuwefu. Ataona kuti amuna awo ali moyo ndipo miyendo ndi manja zikugwira, anakhala pansi n'kulira pang'ono. Atatha kulira anadzuka, n'kupita kwa wogulitsa tchipisi kukapempha mafuta ophikira. Anawakhazika pamgolo, anthu onse akuona, n'kuyamba kuwatikita kumaso ndi kansalu. Phula la m'masaya linachoka. La m'milomo linachoka movutikira. La m'ndevu linakaniratu, mpaka anaitana wometa wa pamsika, ndipo ndevu zimene a Gwaza anazisunga kuyambira ali mnyamata zinagwera pansi ngati chigamba cha tayala. Dzino limodzi silinapezeke. Linatsala mumsewu, makina opsinja n'kudutsapo masana omwewo.

Milomo itatseguka, a Gwaza analavula timiyala, n'kupuma kwambiri. Anthu anasendera pafupi kuti amve chimene anene. Iwo anayang'ana akazi awo, n'kufunsa ndi mawu aang'ono:

"Nasibeko, kodi kachitsulo kaja n'kachiyani?"

"Kaja ka sipeya? Kali kukhitchini, ndikusonkhezera moto."

Mnyamata wa kabaza uja anali atagwada pambali pa njinga, akusuzumira kumawilo. Anadzuka atagwira pakamwa.

"Madala, njingayi mabuleki ake sanalumikize. Kutsogolo kulibe waya, kumbuyo kulibe chitsulo. Mwatsika phiri lonseli chonchi? Anakumangirani ndani?"

Anthu anatembenuka kufuna a Zakeyu, amene anali atangofika kumene pa njinga yawo yakapalasa. Anangoona msana wawo ukukwera mtunda kubwerera kumudzi.

Chinkhoswe chinachitikabe, pakuti nkhuku zinali zitaphedwa kale. A Gwaza anakhala kutsogolo atavala jekete yobwereka, mpango uli pakamwa, fungo la mafuta a tchipisi likumveka holo yonse. Tiyanjane sanadziwe ngati alire kapena aseke, ndipo anachita zonse ziwiri. Mwambo utatha, bambo a mnyamata anabwera kudzawagwira dzanja mwaulemu.

"Pepani ndi ngoziyi. Njingayo musavutike nayo, ngolo yathu imodzi ikakutulirani kunyumba."

Choncho njinga imene inagulidwa kuti ichititse manyazi eni ngolo inabwerera kwawo itagona m'ngolo ya anthu omwewo, ng'ombe zikuikoka pang'onopang'ono kukwera phiri, a Gwaza ndi Nasibeko akutsatira pambuyo wapansi.

Sabata yotsatira anaikwezanso pa lole ya mbatata mpaka ku Limbe, Nasibeko ali nawo, kachitsulo kaja kali m'chikwama katada ndi mwaye. Mayi Kalinde poyamba sanawazindikire chifukwa chosowa ndevu. Atamva nkhani yonse sanaseke, anangowapatsa mpando ndi madzi akumwa. A Gwaza analipira ya kumanga yonse yathunthu, pakuti theka lija linali la tsiku lomwe lija. Analipira ya nambala, ya inshuwalansi, ya sevisi, ya chisoti, kuwonjezera pamenepo ya wilo lopindika ndi nyali yosweka, osawerengera chindapusa chimene anasiya kupolisi. Anagulitsa mbuzi, anagulitsa ndi mbatata ya mbewu. Chaka chimenecho mvula inawapeza denga likudonthabe.

Koma kumsika kuja nkhani inali itayenda kale. Aliyense wobwera kuchokera kutali ankaima pamalo paja, pomwe chithunzi cha munthu wotambasula manja chinkaonekabe pamsewu, n'kufunsa kuti panachitika zotani. Amayi ogulitsa tomato anatopa n'kufotokoza zonse kuyambira ku Limbe, ndiye anayamba kuidula. Tsiku lililonse inkafupika, mpaka inatsala mawu atatu okha, amene anawoloka mlatho, n'kukwera malole, n'kufika m'dziko lonse.

Mukadzamva ena akunena kuti mwambiwu ukukamba za njuchi ndi uchi, asiyeni, amenewo sanaone pakamwa pa a Gwaza. Inu mukapita kukagula njinga, wogulitsa akatchula chinthu chimene simukuchidziwa, tsegulani pakamwa mukadali m'sitolo, pakuti mukapanda kutero mudzakatsegula pamsewu. Paja akulu anati: safunsa anadya phula.